Lipenga limodzi la wansembe

Mu 1960 ku Johannesburg, anyamata asanu ndi mmodzi a gulu la Jazz Epistles anajambula cimbale cao coyamba, Verse 1. Anasakaniza jazi ya ku America ndi kaimbidwe ka m'makomboni akwao. Zimbale zinapangidwa 500 cabe. Pa 21 March caka comweco apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville, boma linaletsa misonkhano, ndipo gululo linamwazikana. Koma nyimbozo zimvekabe mpaka lero.

Woliza lipenga m'gululo anali Hugh Masekela. Lipenga lake loyamba analilandira mu 1954, ali mwana wa sukulu, kwa wansembe wa Anglican, Bambo Trevor Huddleston.

Nanga ife, abale? M'maparishi athu ambiri kiyibodi ndi ng'oma timazikhomera m'sakristiya, ati ana adzaononga. Mnyamata akayesa kaimbidwe kacilendo timamukalipira kuti asokoneza kwaya. Mawa lake ndife tomwe tidandaula kuti acinyamata athera kumashabini.

Misa ili ndi malamulo ake, sitikana. Koma pakati pa sabata holo ya parishi imangokhala yokhoma. Alimife tidziwa kuti mbeu yosungidwa m'nkhokwe simera, imangofumbwa. Makomiti a parishi, apatseni makiyi anawa, ndipo pakhale wamkulu wowayang'anira. M'mera mpoyamba.