MALIRE OTSEGUKA ASATIIWALITSE MLIMI WA KU CHITIPA

Boma la Chitipa lili pakati pa maiko awiri, Zambia ndi Tanzania, ndipo anthu ake akhala akugulitsana chimanga, nyemba ndi ng'ombe ndi abale awo a kutsidya kuyambira kalekale. Nchifukwa chake nkhani ya mgwirizano wa maiko pa malonda imawakhudza iwo koposa ife okhala m'mizinda.

Tonse tikukumbukira kuti m'chaka cha 1981 dziko lino linalandira ngongole ku World Bank, ndipo ngongoleyo inabwera ndi chiphunzitso chakuti Boma lichotse dzanja pa malonda, msika udziyendetse wokha. Potsatira chiphunzitsochi, m'chaka cha 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbeu kwa alimi, ndipo misika ina ya ADMARC inatsekedwa. Koma wamalonda amatsata mseu wabwino. Pa nthawiyo mseu wochokera ku Karonga unali wafumbi, ndipo phula linafika ku Chitipa patapita zaka zoposa makumi awiri. Mlimi wa ku Nthalire kapena ku Wenya anatsala ndi wogula mmodzi kapena awiri, amene ankadula mtengo monga afunira.

Maganizo omwewa ndiwo analowa m'mabungwe a maiko. SADCC ya mu 1980 inkaika mtima pa miseu, njanji ndi chakudya. SADC ya mu 1992 ndi COMESA ya mu 1994 zinatsamira pa kuchotsa misonkho. M'chaka cha 2000 Malawi ndi Zambia zinachotserana misonkho pansi pa COMESA, koma chaka chomwecho Tanzania inatuluka m'bungweli. Ndipo mu Epulo 2025 Tanzania inaletsa kwa masiku angapo mbeu zochokera kuno, pobwezera chiletso chathu pa katundu wina wakunja. Pangano la papepala silinawatchinjirize amalonda ang'onoang'ono.

Ife sitikunena kuti malire atsekedwe. Walira mvula walira matope, ndipo malonda ndi anansi tikuwafuna. Chimene tikunena ndi chakuti alimi a khofi a ku Misuku, amene amagulitsa pamodzi kudzera m'makoparetivu, atisonyeza njira: mlimi wogwirizana ndi anzake sachita kuuzidwa mtengo.

Tikupempha akuluakulu a Boma kuti asanasaine pangano lililonse ayambe afunsa chimene lidzapindulire mlimi wa m'malire. Nanunso aphunzitsi, fotokozerani ana mbiri imeneyi, pakuti iwowa ndiwo adzasaine mapangano a mawa.