Za Kuyesa Wotchi Yakale pa Mkono

Mwezi wathawu, ndiri chikhalire pa khonde langa kuno ku Neno Boma, anandipeza mnyamata wina wogulitsa mbatata ya kachewere pa msika. Atapereka moni anamasula kansalu, natulutsamo wotchi yakale yopanda lamba, galasi lache lokalikakalika. Ndipo anati, "Aphunzitsi, iyi anandisiyira atsibweni anga pomwalira. Koma anzanga andiseka, ati nkawotchi ka amayi. Pali munthu afuna tisinthane ndi yache yaikulu yonyezimira. Kodi ndilole?" Ine ndinati, "Mwana wanga, yamba wakhala pansi, tiyese mkono wako." Tsono zimene ndinamuuza iye ndizilemba pano, pakuti ndidziwa kuti m'mabokosi a nyumba zambiri mugona mawotchi otere.

Atsibweni achewo anali mmodzi wa amuna aja anapita ku Joni ndi Wenela kukakumba golide. Akuluakulu akumbukira mabweredwe awo: bokosi lachitsulo, bulangete, jekete, ndi wotchi pa mkono, imene mwini wache anaiyang'ana kawirikawiri angakhale panalibe womfunsa nthawi. Boma linaletsa Wenela kulemba anthu m'dziko muno mu 1974, ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown. Kotero wotchi imene inabwera pa maulendo amenewo yapitirira zaka 50, ndipo mtengo wache unali thukuta la pansi pa nthaka. Si chinthu chosinthanitsa mothamanga ai.

Nanga ichepa bwanji? Poyamba amuna ananyamula wotchi m'thumba, yomangirira ku unyolo, yaikulu ngati mamilimita 50. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 asilikali anaona kuti nkovuta kupisa m'thumba manja ali pa mfuti, nayamba kuimanga pa mkono. Nkhondo itatha mwambowo unafalikira kwa anthu onse. Amisiri a ku Switzerland anapikisana kuchepetsa makina ache, ndipo kuchepa kumeneko ndiko kunali luso lawo. Mawotchi a amuna a m'zaka za 1940 ndi 1950 anali a mamilimita 30 kufikira 35 m'mimba mwache, ndiko kuti olingana ndi chitsekero cha botolo la Fanta kapena opambana pang'ono. Ingakhale Rolex Datejust ya 1945, yobvala anthu achuma, inali ya mamilimita 36 okha, ndipo Seiko 5, imene inayamba mu 1963, sinatalikire pamenepo. Za amayi za masiku amenewo zinali tating'onoting'ono, tina tosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Zimbale izi za mamilimita 42 kapena 45 zinachuluka chaka cha 2000 chitayandikira. Ya mnyamata uja titaiyesa inali ya 33. Ndinati, "Iyi ndi ya mwamuna ndithu, ndipo mwamuna wache unamdziwa."

Kayesedwe kache ndi aka. Tengani kachingwe, kapena luzi, muzenge mkono pamwamba pang'ono pa kafupa kaja kotumphuka kumbali ya chala chaching'ono, osathina, osalekerera. Tsinani pamene chingwe chikomana, nimuchigoneke pa rula ya mwana wa sukulu. Monga ndiona ine, mkono wa masentimita 15 kufikira 17 uyenerana ndi wotchi ya mamilimita 30 kufikira 36. Wa 18 kapena kuposapo ulandira bwino ya 34 kufikira 40. Poyesa wotchiyo, rula idutse pakati pa chitsulo chache, osawerengera kamutu kopukusira kali pambali.

Komatu chingwe sichinena zonse. Anthu awiri angakhale ndi muyeso umodzi, wina mkono wache wobulungira ngati mpini, wina wophwatalala ngati thabwa. Chifukwa chache yang'anani tinyanga tinayi tija togwira lamba, tiwiri kumtunda, tiwiri kumunsi. Ikani wotchi pa msana wa mkono, muutambasule, muyang'ane muli chapatali, makamaka pa kalilole, pakuti diso likayandikira likulitsa chinthu. Ngati nsonga za tinyangato zigona pa mnofu, ndi kutsalako malo pang'ono mbali zonse ziwiri, wotchiyo njanu. Ngati zilendewera kunja kwa mkono, lamba nagwa chotsakamuka kusiya mpata, yakula. Idzapendekeka tsiku lonse, ndi kugunda pa chitseko, pa mpini, pa chiwongolero cha njinga. Mawotchi ena akale ali ndi nkhope yaing'ono koma tinyanga totalika, ena nkhope yotakata ndi tinyanga tatifupi, ndipo ndicho chifukwa nambala yokha inyenga wogula wosayesa.

Sindibisa kuti alipo amuna a mikono ngati mitanda ya denga, a masentimita 19 kapena 20, amene wotchi ya 30 ikhala pa iwo ngati batani la malaya. Otere asaikakamize. Aikepo lamba wa chikopa wotakata wodutsa pansi pa wotchi, kapena aipatse mlongo wawo, pakuti masiku ano mayi abvala ya 32 kapena 33 popanda womdabwa. Chuma chikhala m'banja momwemo.

Lamba wa wotchi yakale achita mamilimita 16, 17 kapena 18 pakati pa tinyanga. Yesani mpatawo musanapite kwa wosoka nsapato kapena ku sitolo, chifukwa lamba wochepa atsetsereka uku ndi uku nadya timisomali tomgwira, mpaka tsiku lina wotchi igwera m'fumbi mwini wache osamva. Pomanga, siyani malo olowa chala chaching'ono. Ife a kuno kumapiri tidziwa kuzizira kwa June, pamene mkono ufota. Koma mutsikire ku Lisungwi kapena ku Zalewa mu October, mkono womwewo utupa ndi kutentha, ndipo lamba amene anali bwino m'mawa akutemani masana. Aboole maenje okwanira nyengo zonse ziwiri.

Mau awiri apambali. Wotchi ya zaka zotere iopa madzi, angakhale kumbuyo kwache kunalembedwa kuti salowa, pakuti timphira tache tinauma kale. Poti mukachape, mukasambe, kapena mukalime m'mvula, ivuleni. Ndiponso zambiri za chisanafike chaka cha 1960, zimene mivi yache inawala usiku, zinapakidwa mankhwala oopsa ochedwa radium. Musatsegule galasi ndi mpeni kunyumba, ndipo ana asaseweretse yosweka.

Ya kusinthana ija ndinaiona tsiku lachiwiri lache, mwini wache atabwera nayo. Inali yotakata kuposa mkono wa mnyamatayo, yopepuka ngati chigoba cha nkhono, ndi timawilo titatu pankhope tongojambula, tosayenda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindinena kuti yatsopano iriyonse njoipa. Ya batire yabwino isunga nthawi koposa yakale, ndipo wofuna ya kumunda agule yotero. Koma iyi sinali yotero.

Mkono wa mnyamatayo unali wa masentimita 16. Wosoka nsapato anatidulira lamba wa chikopa wa mamilimita 17, ndipo tinyanga tinagona pa mkono ngati anachita kumuyesera ku Switzerland komweko. Tinaipukusa pang'onopang'ono, nkuiika ku khutu, niyamba kugunda. Itsalira mphindi zitatu pa tsiku, ndipo ifunika mmisiri wa mawotchi ku Limbe kapena ku Blantyre aitsuke ndi kuithira mafuta. Mnyamatayo ati adzapita nayo akagulitsa mbatata ya chaka chino. Lamulungu lapitali ndinamuona pa bwalo la tchalitchi atapinda dzanja la malaya la kumanzere lokha, kunja kukuzizira.