Bitiruti sangalowe m'malo mwa katemera wa chitopa

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani yodyetsa nkhuku bitiruti, amene ena akumutama ngati mankhwala a matenda onse.

Bitiruti si woipa ayi. Nkhuku zimadya makoko ndi masamba ake mukaduladula, ndipo ali ndi mphamvu ina yothandiza nkhuku kupirira kutentha, monga kuja kwa mu October kwa Ngabu. Koma tisanamizane. Pa magawo 100 a bitiruti, pafupifupi 88 ndi madzi, ndipo chakudya chomanga thupi sichikwana magawo awiri, pamene nkhuku yoikira imafuna magawo 16. Komanso mbewuyi imakonda kozizira. Kuno kuchigwa ingachite bwino kudimba kokha m'miyezi yachisanu. Kodi munthu wa ku Makhanga adzikakwera basi kukagulira nkhuku bitiruti kutauni?

Chonsecho sangowa, amene ena amati chammwamba, ali m'makomo mwathu kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Marka. Masamba ake ouma ali ndi magawo oposa 20 a chakudya chomanga thupi. Yanikani pamthunzi, sinjani, ndipo sakanizani chikho chimodzi ndi zikho 20 za madeya kapena mapira. Onjezerani chiswe, zinyenyeswa za nsomba zouma, zikamba za mazira zowotcha ndi madzi oyera pamthunzi.

Koma chimene chimatha nkhuku m'midzi muno ndi chitopa. Chitopa sichimva bitiruti, sangowa kapena tsabola. Chimapewedwa ndi katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, miyezi inayi iliyonse, matenda asanafike. Funsani alangizi a ziweto.

Mabanja ambiri adataya ziweto pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, ndipo nkhuku ndiyo yosavuta kuyambiranso nayo. Nkhuku ndiyo kope la mwana, ulendo wa kuchipatala ndi chopereka cha Lamulungu.

Ndikupempha abusa, ansembe ndi mashehe: lengezani tsiku la katemera monga mulengezera msonkhano wa mpingo, kuti mudzi wonse utemere pamodzi. Bitiruti akapezeka, apatseni ndithu, koma katemera ayambe.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Nsanje.