ZA PAKHOMO PATHU: Msamuko Woyamba

Mwezi uno ndifuna kucheza ndi inu achinyamata amene mukumanga katundu kuti mukayambe kukhala panokha, ndiponso ndi inu makolo anzanga amene mudzaima pamseu kuŵatsazika. Chandichititsa ndi nkhani ya mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene adatumizidwa kukaphunzitsa pa sukulu ina m'dera la Kuti, kufupi ndi tauni ya Salima. Iyeyu adakulira kumapiri a ku Dedza, kumene munthu amafunda mabulangete aŵiri m'mwezi wa June. Wandilola kufotokoza zolakwa zake, malinga ndisamtchule dzina.

Nyumba adakaiona m'mwezi wa October, ndipo adaiona tsiku limodzi lokha. Inali ya malata, ya njerwa zootcha, pabwalo posesa bwino. Pobwerako adati, "Atsibweni, ndapeza nyumba yabwino, ndiponso lendi yake njotsika." Ine ndidamfunsa chifukwa chimene nyumba yabwino chotero idakhalira yopanda munthu, koma iye adangoseka. Adali atalipira kale miyezi itatu kwa munthu wina amene adadzitcha mbale wa mwini nyumba, popanda kalata, popanda mboni. M'mwezi wa January madzi adaloŵa usiku, nanyowetsa ufa, mabuku a sukulu ndi matiresi a ukwati. Chimbudzi chidatitimira sabata yomweyo. Atakadandaula, mwini nyumba adati za ndalamazo sakuzidziŵa.

Ana anga, dziko la kunyanja ndi lachidikha, ndipo m'chilimwe limabisa makhalidwe ake. Malo amene auma gwa m'October akhoza kukhala dambo m'February. Tsono pokaona nyumba musayambe ndi denga. Yang'anani m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa matope osonyeza pamene madzi adalekeza. Yang'anani dothi: likakhala lakuda ndi long'ambikang'ambika, amenewo ndi makande, ndipo mvula ikagwa amasunga madzi ndi kukakamira kumapazi. Onani kutalika kwa makonde a nyumba zoyandikana nazo, pakuti eni dziko sakweza khonde pachabe. Kenaka pitani pamjigo, mukalaŵe madzi ake, ndipo mukacheze ndi amai amene akutunga. Iwo adzakuuzani m'mphindi zochepa zimene mwini nyumba sangakuuzeni chaka chathunthu. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Ngakhale nyanja yeniyeniyo ili ndi zaka zake zokwera. Idakwera kwambiri m'chaka cha 1980, ndipo idakweranso m'chaka cha 2024 mpaka kumiza nyumba zimene zidamangidwa kufupi ndi gombe. Wina akakutsatsani malo a pamchenga pamtengo wokoma, funsani nkhalamba pamene madzi adafika zaka zimenezo. Ndipo malo a m'mudzi sagulidwa kuseri kwa nyumba ngati nkhuku. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 lidaika makomiti oona za malo, m'mene mafumu alimo. Dzerani kumeneko, ndipo chilichonse chimene mwapangana, kaya ndi cha malo kaya ndi cha lendi, chilembedwe pamaso pa mboni.

Za ulendo weniweniwo sindichulutsa mau. Njanji idafika ku Salima m'chaka cha 1935, nidzafika ku Lilongwe m'chaka cha 1979, ndipo ena a ife tidasamukapo pa sitima. Inu mudzapangana ndi mwini lole. Mtengo mugwirizane musanakweze kanthu, muŵerenge mitolo pokweza ndi potsitsa, ndipo mumange zolimba, chifukwa mseu wochokera ku Lilongwe, wa makilomita pafupifupi 100, uli ndi zitunda ndi makhota potsikira kunyanja. Ngati nkotheka samukani mvula isanayambe, ndipo nyamukani m'mamaŵa kuti mukafike kukali koyera.

Koma katunduyo ndi wotani? Mphwanga adatenga mipando ya sofa pangongole kuti anzake akamuone kuti ndi bambo. Mpando waukulu udakana kuloŵa pakhomo. Neti yotetezera udzudzu ndiye adaiiŵala, ndipo pasanathe miyezi iŵiri mkazi wake, amene adali ndi pakati, adagonekedwa m'chipatala ndi malungo. Munthu wokulira kumapiri kozizira malungo a kunyanja amamgwetsa msanga kuposa mbadwa za komweko. Neti ipachikidwe usiku woyamba, mipando isanaikidwe m'malo mwake, ndipo thupi likatentha thamangirani kukayezetsa tsiku lomwelo. Chenjeraninso ndi madzi odikha a m'mabango ndi m'maiŵe, m'mene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Banja latsopano likakhala ndi mphasa, miphika iŵiri, ndowa, mbaula, nyali ndi neti, layamba bwino. Zina zidzabwera ndi malipiro a miyezi ya m'tsogolo. Ambuye Yesu, pa Luka 14, adanena za munthu wofuna kumanga nsanja amene ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuŵerengera mtengo wake, ndipo ine ndiyesa kuti mau amenewo akhudzanso ogula sofa.

Mukafika, musadzitsekere m'nyumba. Pemphani mnzanu wa pantchito akuperekezeni kwa a mfumu kuti mukadziŵike. Tsiku la maliro kapena la mlandu mudzaŵafuna, ndipo nkochititsa manyazi kukaonekera koyamba pa tsiku lotero. M'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja, monga cha kwa Maganga, anansi anu ambiri adzakhala Asilamu. Apatseni moni mwaulemu, pitani pa zovuta zao, ndipo musafulumire kumanga khola la nkhumba pafupi ndi mpanda wa mnzanu. Mkhristu sataya chikhulupiriro chake pochita ulemu. Dziŵaninso kuti ku Kuti kuli nkhalango yotetezedwa, m'mene muli mbidzi ndi agwape a mitundumitundu. Munthu akadza madzulo ndi nyama yotsika mtengo yosadziŵika kumene yachokera, mlendo wanzeru amakana.

Tsopano ndifike pa chimene chidandiŵaŵa koposa. Mphwanga adakumbukira wailesi, adakumbukira ngakhale chipande, koma kalata yosamukira ya ku mpingo adaisiya. Adati adzaitenga pa tchuthi. Tchuthi chidadza nichipita. Poyamba ankapita ku tchalitchi nakhala kumbuyo ngati mlendo, osayandikira ku Mgonero. Pambuyo pake Sabata lidasanduka tsiku lochapa ndi lokagula usipa ku Senga Bay. Palibe mkulu wa mpingo amene adamfunafuna, pakuti dzina lake silidali m'buku lao, ndipo kwao ankayesa kuti akupemphera kumene aliko. Nkhosa idasoŵa pakati pa makola aŵiri popanda mbusa woidziŵa. Zidaululika patapita zaka ziŵiri, pamene adafuna kubatiza mwana.

Pa Genesis 12 timaŵerenga kuti Abramu atafika m'dziko lachilendo adamanga guwa la nsembe ku Sekemu, namanganso lina kufupi ndi Beteli, akali wokhala m'mahema. Ndipo inu otsikira ku Salima mumadzera pa Mvera, pamene abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adayamba ntchito m'chaka cha 1889, ntchito imene idabala Sinodi ya Nkhoma. Mpingo udafika kunyanja inu musanabadwe, ndipo ukukudikirani. Kalatayo ipempheni kwa abusa ndi akulu a mpingo mwezi wathunthu musananyamuke, muisunge pamodzi ndi makalata a ntchito, ndipo muipereke Sabata loyamba. Mai wa Chigwirizano akadzidziŵitse kwa amai anzake sabata yomweyo.

Makolo anzanga, pamenepa mlandu ndi wathunso. Timaŵapatsa ufa, nyemba ndi nkhuku ya pa ulendo, koma za kalata sitifunsa. Ine ndemwe ndidathandiza kukweza sofa uja pa lole, ndipo sindidafunse.

Kalata ya mphwanga idapita ndi mai ake, amene adakwera basi okha kukaipereka m'manja mwa mkulu wa mpingo. Mwanayo adabatizidwa. Banjali lidasamukira m'nyumba ina yaing'ono ya pamtunda, imene amai a pamjigo adaŵalozera, ndipo pangano la lendi lidalembedwa pamaso pa a mfumu. Mpando waukulu uja udakananso kuloŵa, ndipo uli pakhonde kufikira lero.