Mbande sizikula ndi kamera

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lino limakhala pa nyengo yobzala mitengo. Akuluakulu amafika pa magalimoto, amalandira khasu latsopano, amagwada pa dzenje lokumbidwa kale, makamera n'kuthwanima. Ine ndimalakalaka makamerawo atabweranso mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kuti tione mbande zija zatsala zingati.

Nanenso mlanduwu ndinaupalamulapo. Ndili mnyamata ndinabzala mbawa khumi m'malire mwa munda wathu, n'kuthamangira kwa agogo anga aakazi kukadzitama. Iwo anangoti, "Wachita bwino mdzukulu wanga. Nanga mbuzi wapangana nazo?" Ndinaseka. Anthu atakolola n'kumasula ziweto, mbuzi zinabudula zinayi. Chiswe chinagwetsa zitatu. Zotsalazo zinapsa ndi moto wa anyamata osaka mbewa.

Agogowo anabzala mtengo umodzi wokha, wa mango, kuseri kwa khitchini. Anautchingira ndi minga. Patsinde anayalapo udzu wouma kuti chinyezi chisathawe, ndipo phulusa la m'mafuwa ankalithira pomwepo poopa chiswe. Madzi otsukira mbale sankatayidwa pabwalo. Madzulo aliwonse m'chilimwe ndinkawaona atawerama ndi kabeseni, akuthira pang'onopang'ono ngati akumwetsa mwana phala. Iwo anatisiya kale, koma zidzukulutudzi zawo zimagenda mango mumtengomo mpaka lero.

Vuto lathuli silili pa mitengo yokha. Timakonda tsiku loyamba. Ukwati timaukonzera miyezi, mpaka kukongola ndalama za holo ndi zovala, koma banjalo likayamba kufota palibe wobwera ndi kabeseni. Mjigo timautsegulira ndi magule, ukathyoka timabwerera kudambo. Mwana timamusangalalira pobadwa, koma kope lake la kusukulu sitilitsegula. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba, ndipo kuongolako si ntchito ya m'mawa umodzi.

Alimi a ku Salima ndi ku Mangochi ali ndi phunziro lina. M'minda mwawo muli misangu, mtengo womwe umayoyola masamba nthawi ya dzinja, mitengo ina ikubiriwira. Sutchinga dzuwa, masamba ake amasanduka manyowa, ndipo chimanga chapansi pake chimakhala chonenepa. Yambiri mwa misanguyi inamera yokha. Mlimi anangoilambalala ndi khasu, n'kumaisadzira ikamakula. Sipanachitike mwambo, sipanabwere mlendo wolemekezeka.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anakokolola matope ndi miyala m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Mitengo sikanaletsa mvula ija. Koma phiri lomwe talimeta mpala ndi nkhwangwa za makala ndi nkhuni silingagwire dothi lake, ndipo silidzavekedwa ndi mbande zongofera m'maenje.

Choncho pempho langa kwa a zankhalango, mafumu, mipingo ndi masukulu ndi ili: musamangotiuza chiwerengero cha mitengo yobzalidwa. Tiuzeninso yomwe yaona dzinja lachiwiri, ndi yemwe akuisamalira.

Chaka chino ndabzala itatu yokha: mango, mapeyala ndi mbawa imodzi yolipirira zakale zija. Mpanda ndinayamba kumanga ndisanakumbe dzenje. Mbuzi ndapangana nazo.