Eni matiirumu, shuga tizithira tokha

Inu eni matiirumu, ndili nanu mawu. Pakati pa mavenda ndi ophunzira amene amakugulani tiyi m'mamawa alipo odwala matenda a shuga. Mukawathirira masipuni aang'ono 3, amenewo ndi magalamu pafupifupi 12. Kuonjezapo mandasi, zonsezo zimagayika msanga ndipo shuga wa m'magazi amakwera mothamanga. Dzira kapena peyala sizikweza shuga chotero, ndipo phala la mgaiwa lansinjiro, lochepa, limagayika pang'onopang'ono. Nanga bwanji osamagulitsako?

Kusadya si mankhwalanso ayi. Wobaya insulin akapita kumsika ndi njala, shuga amatsika zedi mpaka munthu kukomoka. Tsono ine ndikuti shuga muziika pambali, aliyense azithira yekha. Kasitomala wathanzi ndiye amabweranso mawa.