Illinois: Kulembetsa mfuti mochedwa, kudziteteza kapena kudzipereka kwa apolisi?

Tsiku lomaliza lolembetsa mfuti zamphamvu m'chigawo cha Illinois ku America linali 1 Januwale 2024, koma funso limene linatsala m'mitima ya eni mfuti ambiri silinayankhidwe bwino: kodi munthu amene analephera kulembetsa pa nthawi yake achite chiyani?

Nkhaniyi inayambira mu mzinda wa Highland Park pa 4 Julayi 2022, pamene munthu wina anawombera khamu lomwe linkaonerera perete wa tsiku la ufulu wa dzikolo ndi kupha anthu 7. Pa 10 Januwale 2023, bwanamkubwa JB Pritzker anasainira lamulo loletsa kugulitsa mfuti zambiri zonga za asilikali, kuphatikizapo za mtundu wa AR-15. Amene anali nazo kale analoledwa kuzisunga, pokhapokha atalumbira polemba kwa apolisi a chigawocho mtundu wa mfuti ndi nambala yake.

Kalembera anatsegulidwa pa 1 Okutobala 2023. Pofika tsiku lomaliza, anthu pafupifupi 29,000 okha ndi amene analembetsa, pamene anthu oposa 2 miliyoni ali ndi chiphaso chokhalira ndi mfuti m'chigawocho. Si onse amene ali ndi mfuti zoletsedwazo, komabe kusiyana kwa manambalawa kukusonyeza kuti ambiri anakhala duu.

Apolisi sanatseke khomo. Iwo ananena kuti kalembera wa pa intaneti adzakhalabe wotsegula, koma anachenjezanso kuti akuluakulu oona za milandu m'dera limene munthu akukhala akhoza kukana kalembera wochedwa. Apa ndi pamene pagona vuto. Munthu wolembetsa mochedwa akupereka kwa boma umboni wolumbirira wakuti tsiku lomaliza linamudutsa ali ndi mfuti yosalembetsa. Kupezeka ndi mfuti yotero koyamba ndi mlandu umene chilango chake chingafike pafupi chaka chimodzi m'ndende. Kachiwiri umasanduka mlandu waukulu, ndipo ku America wopezeka wolakwa pa mlandu waukulu amalandidwa ufulu wokhala ndi mfuti iliyonse.

Chitetezo cha munthu wochedwayo chikudaliranso kumene iye akukhala. Illinois ili ndi maboma ang'onoang'ono 102, ndipo akuluakulu a apolisi osankhidwa ndi anthu m'maboma ochuluka, makamaka akumidzi, analengeza kuti sadzamanga munthu chifukwa cha kalemberayu. Koma akuluakuluwa amasintha pa chisankho, pamene zolembedwa mu kompyuta zimakhalabe.

Chifukwa china chimene anthu ambiri anadikirira ndi makhothi. Khothi lalikulu la Illinois linavomereza lamuloli mu Ogasiti 2023. Mu Novembala 2024, woweruza Stephen McGlynn wa khothi la boma lalikulu anagamula kuti lamuloli likuphwanya ufulu wokhala ndi zida umene uli m'malamulo aakulu a dziko, koma khothi la apilo linaimitsa chigamulocho ndipo lamulo linapitiriza kugwira ntchito. Mwini mfuti woona kukokanaku amaganiza kuti ndi bwino kukhala chete, pakuti dzina likalowa m'kaundula silituluka ngakhale lamulo litadzathetsedwa.

Mantha a kaundula ndi akale ku America. Lamulo la 1986 limaletsa boma lalikulu kukhazikitsa kaundula wa mfuti wamba, chifukwa eni mfuti ambiri amakhulupirira kuti kulemba maina ndi chiyambi cha kulanda. Ochirikiza lamulo la Illinois amayankha kuti popanda kaundula, apolisi sangasiyanitse mfuti yogulidwa kale mololedwa ndi yolowa mozemba kuchokera ku zigawo zoyandikana nazo monga Indiana. Kwa mabanja a ku Highland Park, imeneyi si nkhani ya mapepala ayi.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma khomo lotsegula theka silikuthandiza aliyense. Ngati cholinga cha boma ndi kudziwa kumene mfutizi zili, munthu wobwera mochedwa ndiye amene boma likumufuna. Kufikira aphungu a chigawocho atalemba momveka m'lamulo kuti wodzipereka yekha sadzaimbidwa mlandu, mfuti zambiri zidzakhalabe m'nyumba za anthu popanda boma kudziwa.